Funsani Adokotala: Fumbi la Asibesitosi, Fodya ndi Khansa ya M'mapapo

Bambo anga anagwira ntchito zaka 11 pa mgodi wa asibesitosi ku Zvishavane, m'dziko la Zimbabwe, ndipo anabwerera kumudzi mu 1984. Amasuta chingambwe kuyambira unyamata wawo. Tsopano atha miyezi itatu akutsokomola, aonda, koma makhololo awo anapezeka opanda TB. Iwo akuti za mgodi nzakalekale. Kodi nzoona? (Mayi wa ku Dedza)

Si zakale ayi, mayi. Asibesitosi ndi mwala umene umanyenyeka n'kukhala timaulusi tosaoneka ndi maso. Munthu akapuma fumbi lake, timaulusi tina timatsakamira m'kati mwenimweni mwa mapapo n'kumalasa minofu pang'onopang'ono. Khansa ya m'mapapo imatha kudzaonekera patapita zaka 15, 20, mwinanso kuposa 30. Ku Zvishavane ankakumba mtundu woyera wotchedwa chrysotile, pomwe ku South Africa kunalinso wabuluu ku Kuruman ndi Prieska, ndi wofiirira ku Penge. Ena amati woyerawo ngwabwinoko, koma bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yoona za khansa ya WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse), linaika mitundu yonse m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi chingambwecho. M'njira za mpweya muli timaubweya timene timakankhira fumbi kukhosi kuti lituluke ndi makhololo. Utsi wa fodya umafoola timaubweyati, ndiye ulusi wa asibesitosi umatsalira wambiri. Pamalo omwe ulusi walasapo, poizoni wa mu utsi amapeza khomo lotsekula kale. Kafukufuku wa Irving Selikoff ndi anzake, yemwe anatuluka mu 1979 atatsatira anthu 17,800 ogwira ntchito ndi asibesitosi ku America ndi Canada, anapeza izi poyerekeza ndi munthu wosasuta yemwe sanagwirepo asibesitosi: fumbi lokha limakweza chiopsezo chofa ndi khansayi pafupifupi kasanu, fodya yekha kopitirira kakhumi, koma ziwirizi zikakumana chimafika cha m'ma 50. Zimachulukitsana, sizingowonjezerana. Anthu amenewo ankapuma fumbi lambiri tsiku ndi tsiku, monganso ankachitira a mumgodi.

Bwererani nawo kuchipatala sabata ino. Muwauze adokotala momveka bwino mawu awa: "anagwira mu mgodi wa asibesitosi zaka 11, ndipo amasuta." Kwathu kuno chifuwa chokhalitsa, kuonda ndi kutsokomola magazi timathamangira kuganiza TB, ndipo ambiri amamwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi pomwe chotupa chikukula. Pemphani awajambule pachifuwa. Ngati pakuoneka chithunzithunzi chokayikitsa kapena madzi m'mbali mwa mapapo, apemphereni kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene angawaunike ndi makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa CT scan ndi kutenga kanyama kokapima. Akhozanso kupezeka ndi asbestosis, pomwe mapapo amauma ndi zipsera munthu n'kumabanika, kapena mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo. Yomalizayi fodya alibe nayo mbali, gwero lake lalikulu ndi asibesitosi.

Ulusi umene unalowa palibe mankhwala outulutsa, ngakhale mkaka umene anthu a m'migodi ankaudalira. Chotheka kuchotsa ndi fodya. Wosiya kusuta, pakatha zaka 10 chiopsezo chake chimatsika kufika pafupifupi theka la yemwe akusutabe, ndipo ngakhale okalamba amapuma bwinoko akasiya.

Ndine mmisiri womanga. Ndapeza ganyu yosasula denga la malata akale a asibesitosi. Ndimasuta ndudu zisanu patsiku. Ndivale chiyani? (Bambo wa ku Ndirande)

Bambo, malata amenewa ndi simenti yosakaniza ndi ulusi. Akakhala athunthu padenga ulusi umakhala womangika, ngozi imayamba mukawadula, kuwaboola, kuwakwecha kapena kuwaswa. Choncho galayinda, dirilo ndi sowo zisiyeni kunyumba.

Yambani mwawanyowetsa ndi madzi othira sopo wamadzi pang'ono, pogwiritsa ntchito sipuleya yopopera mbewu yotsukidwa bwino, osati paipi yamphamvu. Masulani mabawuti kapena dulani mbedza zake, tsitsani lata lililonse lathunthu ndi chingwe, anthu awiri akulandira pansi. Musaponye. Musapondenso palata lenilenilo, yalani thabwa lodutsa pa mitanda, chifukwa malata akalewa amaphwanyika mwadzidzidzi ndipo amisiri ambiri avulala pogwa.

Kumphuno valani masiki yolembedwa FFP3 kapena P100, yogwira bwino nkhope yometa ndevu. Kansalu kapena masiki ya buluu ija ya nthawi ya Covid-19 ulusi umangodutsa. Pansi yalani pulasitiki yochindikala, zidutswa mutole zili zonyowa n'kuzikulunga kawiri. Tsache ayi, pukutani ndi sanza zonyowa n'kuzitayira m'thumba lomwelo. Ovolosi ivulidwe pomwepo isanalowe m'nyumba, poti akazi ndi ana ambiri anadwala mesothelioma chifukwa chokutumula ndi kuchapa zovala za abambo. Funsani ku khonsolo kotayira, ndipo mukane mwini nyumba akafuna kugulitsa zidutswazo kuti ena afolere khola, awazire mumsewu kapena ayike pamoto ngati chiwaya.

Ndudu zisanuzo musazichepetse. Pamalo a ntchito musasute n'komwe, chifukwa kuti musute muvula masiki ndipo zala za fumbi zipita kukamwa. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, Britain mu 1999, koma inu madenga otere mukumana nawobe zaka zambiri, ndiye nthawi yosiya fodya ndi ino.

Timatunga madzi a mvula kuchokera padenga la asibesitosi. Tisiye kumwa? (Wophunzira wa ku Zomba)

Choopsa chodziwika ndi kupuma ulusi, ndipo WHO imati palibe umboni wokhazikika woti kuumeza m'madzi kumadwalitsa. Tayani madzi a mvula yoyamba, sefani ndi kuwiritsa kapena kuthira mankhwala chifukwa cha zitosi za mbalame. Matope a mu ngalande ya denga achotseni akadali onyowa, musadikire aume n'kuwasesa.