Dimba lisamakudyereni Lamulungu lonse

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wokhala ku Turffontein kuno ku Joni, kwawo ku Dedza. Akuti: "Ndimagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndimafika pakhomo kutada. Kuseri kwa nyumba imene tikuchita lendi kuli kapinga ndi kadimba ka ndiwo, ndipo eni nyumba amafuna pazioneka bwino. Lamulungu lonse limathera kupalira, kusesa ndi kuthirira. Nditani?"

Mayi, ndiyambe ndi tsache lanulo, pakuti ndikuganiza kuti ndi limene likukupatsani ntchito. Ife tinakula tikudziwa kuti pakhomo pa munthu waukhondo pamakhala poyera mbee, masamba onse kudzala kapena kumoto. Pabwalo zimenezo n'zabwino, koma m'dimba ayi. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya wake ndi wouma, dzuwa lake ndi lakuthwa. Dothi la pamtetete mukalithirira m'mawa, pofika masana lauma gwa, ndipo njere za udzu zikaona kuwala zimamera. Ndiye mumapalira, khasu n'kutembenuza njere zina, nazonso n'kumera. Ntchito kubala ntchito inzake.

Phimbirani dothi. Ndi zija alangizi amaphunzitsa kumudzi, za mtayakhasu, kungoti kuno mapesi kulibe. Palirani kamodzi komaliza, thirirani kwambiri, yalani makatoni mutachotsa selotepi, kenaka pamwamba pake ikani masamba ouma kapena udzu wouma wopanda njere, mulu wake ukwane zala zinayi. Pobzala mungoboola katoniyo. Zophimbirazo zisagunde tsinde la mbewu, lingawole. Masamba musagule. Mu Epulo ndi Meyi mitengo ya m'misewu ya Joni imayoyola masamba ochuluka, anthu n'kumawalongedza m'matumba kupita nawo kumalo otayirako zinyalala zam'dimba a Pikitup. Ine ndimangopempha kwa aneba, ena amadabwa koma palibe anandikanizapo. Choipa chake n'chimodzi, nkhono zimakonda kubisala pansi pamenepo nthawi ya mvula, ndiye muzisuzumirako madzulo ndi tochi ya foni.

Mukaphimbira, kuthirira kumatsika kufika kawiri pa sabata, bola madziwo azilowa pansi ndithu. Kuwazawaza tsiku ndi tsiku kumangochititsa mizu ulesi, imakhalira pamwamba. Kumbukiraninso kuti kuyambira Seputembala mpaka Malichi a Johannesburg Water amaletsa kuthirira dimba pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Kwa inu wofika kutada, lamuloli silikukupwetekani. Tomato ndi tsabola ndimazikwiririra botolo la malita 2 loboola tizibowo kunsi, ndikadzaza ndathana nazo masiku angapo.

Kapingayo ndikukhulupirira kuti ndi kikuyu, poti ndiye wadzaza mzinda uno. Udzu umenewu sumva. Nthawi ya mvula, Okutobala mpaka Malichi, umafuna kutchetcha pafupifupi sabata iliyonse ndipo umayanga kulowa m'mabedi. Musaumete mpala, usiyeni wotalikirapo kuti uzitchinga dothi, ndipo zotchetchazo zikakhala zochepa zisiyeni pomwepo, ndi manyowa. Pakati pa udzu ndi mabedi kumbani kangalande kapena ikani njerwa, apo ayi muzilimbana nawo mpaka kalekale. Mu Juni ndi Julayi chisanu chikauwotcha n'kuoneka ngati wafa, musataye madzi. Wangogona, mvula yoyamba ikagwa udzuka wokha. Eni nyumba akalola, chepetsani kapingayo m'makona mubzalemo agapanthus, spekboom kapena aloe, ndipo pamthunzi clivia. Zimenezi ndi zakonkuno, zikagwira sizifuna kuzilera, ngakhale spekboom imafuna malo obisika ku chisanu.

Pa ndiwo ndilankhula mosapsatira: kabichi ndi letesi zisiyeni kumsika, n'zofuna munthu wa nthawi. Bzalani sipinachi wa kunoyu, wa masamba akuluakulu, amene mumathyola miyezi yambiri pa phata limodzi. Repu ndi mpiru zimachita bwino kukamazizira. Nthawi ya mvula ponyani njere zitatu za maungu pakona, nkhwani mudzadya ndipo masamba ake adzaphimba dothi okha. Kholowa chimodzimodzi. Bonongwe mukamusiya mmodzi kuti akhwime, chaka chamawa simudzabzalanso. Chisoso chokha chenjerani nacho, thyolani chisanachite maluwa, chifukwa chikabala njere chimalanda dimba lonse ndi masokosi a ana omwe.

Lamulungu likubwerali musayese kukonza ponseponse. Tengani bedi limodzi, muliphimbire, linalo sabata inayo. Ndipo musanayale makatoni awuzeni kaye eni nyumba, angadzaganize kuti mwayamba kuunjika zinyalala kuseri kwawo.