Galimoto imadziwa bwanji nthawi yomwe maloboti atsegule?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amakonza magalimoto ku Johannesburg. Mlamu wawo wa ku Las Vegas, ku America, anawatumizira kavidiyo: galimoto ya Audi yaima pamaloboti ofiira, pa dashibodi manambala akutsika, 38, 37, 36, kenako magetsi obiriwira n'kuyaka. Iwo akufunsa kuti: "Kodi galimotoyi ili ndi kamera yoona maloboti, kapena imalankhulana nawo pa wailesi? Nanga ingathe kudziponda yokha mabuleki? Itabwera kuno ingachitenso zomwezi?"

Achimwene, manambala munaonawo sachokera ku kamera, ndiponso galimotoyo siyankhulana ndi maloboti omwe ali pamaso pakewo. Uthengawo umayenda njira yozungulira kwambiri, ngati munthu wofuna kudziwa za kwa mnansi wake koma n'kukafunsira kwa amfumu.

Pamphambano iliyonse ya maloboti pamakhala kabokosi kachitsulo m'mbali mwa msewu, ndipo m'menemo muli kompyuta yosintha magetsi aja. M'mizinda yolemera timabokosi timeneti tinalumikizidwa ndi mawaya mpaka ku ofesi imodzi yoyang'anira misewu. Ku Las Vegas bungwe lake ndi Regional Transportation Commission of Southern Nevada. Bungweli linalola kampani ya Traffic Technology Services, ya ku Oregon, ku America komweko, kuti izilandira zomwe maloboti akuchita sekondi iliyonse. Kampaniyo imaziphika m'makompyuta ake akuluakulu a pa intaneti, omwe anthu amangoti cloud, n'kuzipereka kwa Audi. Galimoto ili ndi SIM kadi yakeyake ya 4G. Imanena pomwe ili ndi komwe yalowera, ndipo imalandira za mphambano yomwe ikuyandikirayo basi. Zimenezi zinayamba mu Disembala 2016 pa magalimoto a A4 ndi Q7, Las Vegas kukhala mzinda woyamba. Ku Ulaya zinafika mu 2019, kuyambira ku Ingolstadt ku Germany, kwawo kwa Audi, kenako Düsseldorf mu 2020.

Tsopano pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Nambala ya pa dashibodiyo ndi yongolosera. Akanakhala kuti maloboti onse amayendera wotchi, masekondi akutiakuti ofiira, akutiakuti obiriwira, tsiku lonse osasintha, ntchitoyi ikanakhala yamasewera. Koma maloboti ambiri a m'mizinda imeneyi amamvera msewu. Pansi pa phula anakwirira waya wozindikira kuti pamwamba paima galimoto. Mzere ukatalika mbali ina, amaionjezera nthawi. Munthu wapansi akadina batani lowolokera, dongosolo lonse limasuntha. Ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto ikatulukira, m'malo ena imatha kulanda magetsi obiriwira nthawi yomweyo. Ndiye ngakhale kompyuta ya m'kabokosi ija sidziwa motsimikiza chomwe ichite pakatha theka la mphindi. Chomwe kampani ya ku Oregon imagulitsa kwenikweni ndi luso lophunzira khalidwe la mphambano iliyonse, m'mawa, masana, Loweruka usiku, n'kunena kuti mwachidziwikire atsegula pakatha masekondi akuti. N'chifukwa chake nthawi zina nambala imalumpha, ndipo ngati makinawo akukayika kwambiri saonetsa kanthu.

Mukaonerenso kavidiyo kaja muone bwino kumapeto. Manambalawo samafika pa ziro. Kukatsala masekondi pafupifupi 4 amazimiririka dala, kuti woyendetsa adzutse mutu, aone yekha maloboti enieniwo ndi anthu omwe sanamalize kuwoloka. Kwa ine kanthu kameneka ndi komwe kanandipangitsa kuwalemekeza omwe anakonza zimenezi. Anadziwa mtima wa dalaivala: ukamuwerengera mpaka ziro, phazi limakhala lili kale pamoto.

Za mabuleki, ayi, ndipo sindingafune kuti zitero. Uthenga wodutsa kabokosi, ofesi ya mzinda, makompyuta a makampani awiri, kenako nsanja ya foni, umachedwa panjira, ndipo netiweki ikagwa umasowa. Pouza munthu kuti adikirebe masekondi 30, kuchedwa kwa sekondi imodzi sikupha aliyense. Koma galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yomweyo. Mamita 17 ndi mphambano yathunthu.

Njira yomwe munaiganizira ija, ya wailesi, ilipo ndithu, ndipo ndiyo inali yoyamba m'maganizo a akatswiri. Mu 1999 bungwe la FCC, loyang'anira mafunde a wailesi ku America, linapatula gawo la 75 MHz pa mafunde a 5.9 GHz kuti magalimoto ndi zipangizo za pamsewu zizilankhulana mwachindunji. Wailesi ya pamtengo wa maloboti imaulutsa uthenga wotchedwa SPaT kakhumi pa sekondi, wonena kuti magetsi ati ayaka ndipo asintha liti, pamodzi ndi wina wotchedwa MAP wofotokoza m'mene mphambanoyo inakhalira. Vuto linali la ndalama ndi kudikirirana. Mizinda inkati tiikirenji mawailesi pomwe magalimoto alibe, opanga magalimoto nawo ankati tiikirenji pomwe misewu ilibe. Zaka zoposa 20 zinadutsa, ndipo mu 2020 FCC inalanda 45 MHz pa 75 MHz paja n'kupereka ku Wi-Fi. Njira ya cloud inadutsa pakati pa mkanganowu chifukwa sifuna kukwera mtengo uliwonse: mawaya a mzinda analipo kale, netiweki ya mafoni inaliponso kale.

Phindu lomwe ndimaliona lalikulu si kuwerengera masekondi kuja. Mu 2019 Audi inaonjezera GLOSA, yomwe imakuuzani liwiro loti muyendere kuti mukafike maloboti atatsegula. Inu okonza magalimoto mukudziwa kuposa ine kuti mafuta amathera ponyamuka ndipo mabuleki amadyeka poima. Lole yolemera ikapewa kuima kangapo pa ulendo, mwini wake amazimva m'thumba. Ku Netherlands boma linalowererapo kudzera mu ndondomeko yotchedwa Talking Traffic, ndipo uthenga wa maloboti unkafika ngakhale pa foni ya m'manja. Zimenezi zimandikomera kwambiri kusiyana n'kuti ukhale wa okhawo ogula galimoto yodula, poti maloboti anagulidwa ndi misonkho ya aliyense.

Funso lanu lomaliza: Audi yomweyo mutaitsitsa pa doko la Durban n'kuiyendetsa mpaka ku Johannesburg, manambala aja simungawaone. Palibe chomwe chingakhale chitaonongeka m'galimotomo, choncho musadzavutike kuimasula. Imangoonetsa pokhapo pomwe mzinda unalumikiza maloboti ake n'kuvomera kugawana uthengawo ndi kampani. Ndipo magetsi akathima kapena mbala zikadula mawaya, kabokosi kaja kamakhala chete, makompyuta a kutali aja n'kusowa cholosera.