Injini ikumafooka mukaipatsa moto wonse? Yambirani ku thanki

Bambo wina wa ku Senga Bay, m'boma la Salima, wanditumizira imelo. Ali ndi boti la matabwa lokokera chilimira, injini yake ndi Yamaha Enduro ya 40. Akuti imalira msanga, ikamayenda pang'onopang'ono ilibe vuto, koma akaipatsa moto wonse imathamanga mphindi zochepa kenako n'kuyamba kufooka ngati ikufuna kuzima. Akachepetsa moto, imabwerera mwakale. Mapulagi anasintha kale, ndipo makaniko wina wawauza kuti injiniyo yatha. Ndiye akufunsa kuti kodi yathadi?

Achimwene, musathamangire kugula ina. Injini yakutha imavuta kuliza, ndipo imakhala yofooka kuyambira padoko pomwe. Zimene mwafotokozazi kawirikawiri ndi njala ya mafuta. M'kabuleta muli kambale kosungira petulo. Mukamayenda pang'onopang'ono, mafuta obwera mochepa amakwanira kukadzaza. Mukapatsa moto wonse, injini imamwa kuposa amene akufika, kambaleko n'kuuma. Mphindi zimene imathamanga bwino zija ndi nthawi imene ikumaliza mafuta a m'kambalemo.

Koma choyamba tcherani khutu. Boti likamachepa liwiro, kulira kwa injini kumatsika kapena kumakwera? Ngati ikulira mokweza boti osayenda, vuto si mafuta, ndi pulopela: labala wa pakati pake watha ndipo akuterera. Jambulani mzere umodzi wodutsa pakati mpaka pathupi la pulopela, yendani pang'ono, mukaona kuti mzerewo wasiyana, ndi zomwezo. Onaninso ngati ulusi wa ukonde sunakulungike kumbuyo kwake.

Ngati kulira kukutsika, tengani mnzanu mulowe pamadzi tsiku lopanda mwera, pafupi ndi gombe. Ikangoyamba kufooka, mnzanuyo amasule pang'ono chivindikiro cha thanki. Ikadzuka, ndiye kuti kabowo kolowera mpweya pachivindikiropo n'kotseka. Thanki yosalowa mpweya siitulutsa mafuta, monga mmene chigubu chopanda pena popumira chimavutira kuthira. Kanthu kakang'ono chonchi kamadyetsa anthu ndalama zambiri kwa amakaniko, ndipo zimandiwawa ndikamva munthu waphwasulitsa injini yonse chifukwa cha iko.

Zikapanda kusintha, ayambe kufinya kampira kopopera mafuta ka papayipi yochokera ku thanki mobwerezabwereza, inu moto musachepetse. Uku ndiye kuyesa kumene ndimakudalira kwambiri. Injini ikamadzuka nthawi iliyonse akafinya, ndiye kuti dzanja lake likugwira ntchito ya pampu: kalabala ka m'pampu ya mafuta kang'ambika kapena kauma, apo ayi payipi ikulowa mpweya pena, makamaka polumikizira ku thanki ndi ku injini. Kampirako mukakapeza kataphwa kokha, china chake chatseka mbali ya thanki, kaya ndi kasefa ka m'kati kapena kabowo ka mpweya kaja. Kamuvi kojambulidwa pakampirapo kaziloza ku injini.

Kufinya kukapanda kuthandiza, kokani choko pang'ono chabe. Ikadzuka kwa kanthawi, jeti yaikulu ya m'kabuleta, kabowo kodutsira petulo, yatsekeka. Injini ikamayenda pang'onopang'ono imadalira jeti yaing'ono, n'chifukwa chake padoko imamveka yabwinobwino. Tsukani ndi mankhwala otsukira kabuleta ndi mpweya. Musatokose ndi waya kapena singano, mudzakulitsa bowo.

Zinyalala zotseka jeti ndi sefa zimachokera kuti? Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyontho, amafewetsanso mapayipi akale mpaka kumanyenyeka m'kati kunja kukuoneka bwino. Onjezanipo mafuta a m'zigubu amene timagula petulo akasowa. Thirani pang'ono m'botolo loonekera, mulisiye likhazikike. Madzi akakhalamo amakhala pansi. Ngati alimo, khuthulani thanki yonse, mutsuke sefa ya pa injini ndi kambale kaja. Posakaniza oyilo, muyeso wa 50:1 ndi theka la lita ya oyilo pa malita 25 a petulo, koma tsatirani zimene buku la injini yanu likunena. Oyilo wochuluka amadetsa mapulagi atsopano omwe mwagulawo.

Diso lina likhale pa madzi amene injini imakodza kumbuyo. Akakhala ochepa kapena otentha kwambiri, injini ikufooka chifukwa chotenthedwa, ndipo mlandu umagwera impela (kalabala kozungulira kopopa madzi oziziritsa injini) kapena mchenga umene yayamwa pokocheza. Pamenepo zimitsani nthawi yomweyo. Musailizenso pamtunda popanda madzi, impela imapsa m'kanthawi kochepa.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: mpaka mutapeza vuto, musaikakamize pamoto wonse pofuna kufika msanga pamalo a usipa. M'injini ngati yanuyi oyilo amayendera limodzi ndi petulo, ndiye ikamasowa mafuta ikusowanso oyilo, pisitoni n'kupsa. Pamenepo ndiye idzathadi.

Zonsezi zikakanika, pitani kwa makaniko amene ali ndi geji yoyezera kompuresheni (mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda), ayeze masilinda onse awiri inu mukuona, ayezenso makoyilo opereka moto ku mapulagi injini ili yotentha, pakuti koyilo yofooka imatha kusiya kupereka moto ikatenthedwa. Masilinda akamawerenga mofanana kapena moyandikana, komanso mosatsika kuposa zimene buku likunena, injini yanu idakali ndi moyo. Mundilembere zimene zichitike mukafinya kampirako.