Digiri ya ndondomeko za boma, masatifiketi a kuhotela, ndi chitupa changa chakale

Kalata yanu, achimwene, ndinaiwerenga pafoni ndili mu kombi yopita ku Mufakose, ndipo ndinaibwereza kawiri ndisanatsike. Mwanena kuti mwaphunzitsa pakoleji ina muno mu Harare kwa zaka 6, kuti muli ndi mulu wa masatifiketi a mawekishopu amene sanakukwezetseni pantchito, ndiponso kuti mukuganiza zolembetsa digiri ya masitazi ya ndondomeko za boma koma mukukayika ngati ili yoyenera ndalama zanu. Ndikanakuyankhani m'mizere isanu yokha mukanapanda kuwonjezera mawu a kumapeto aja, akuti mwina ife ana a anthu obwera tizisiya za boma kwa eni dziko, ife tiziphunzira zowerengera ndalama kapena makompyuta. Mawu amenewo andisowetsa tulo, chifukwa inenso ndinakhala nawo mumtima zaka zambiri, ndipo zotsatira zake ndinaziona ndi maso angawa.

Bambo anga anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anabwera pa malole aja ankatchedwa Ulere, onyamula anthu ofuna ntchito popanda kuwalipiritsa. Atagwira kaye m'minda ya fodya, anapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina ku Mount Pleasant, pafupi ndi sukulu imene lero ndi University of Zimbabwe. Masiku amenewo inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, ndipo bambo, amene sankadziwa kuwerenga koma dzina la kwawo ankalizindikira likalembedwa, ankatiuza tili ana kuti sukulu imeneyo ndi yathunso popeza dzina la dziko lathu linalembedwapo. Chitaganya chinatha mu 1963, dzina lija linachoka, koma iwo sanasinthe maganizo. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo ndiye ankatichenjeza usiku uliwonse kuti mlendo ndi mame, tisamalowerere milandu ya pamudzi wa eni. Ine ndinatola chenjezo lachiwirili, loyamba lija n'kulitaya.

Mu 2001 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika, ndipo aliyense amene ankaonedwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi 6 kuti aukane motsata malamulo a dziko linalo. Mmene lamulolo linagwiritsidwira ntchito, linagwira ngakhale ife amene tinabadwira konkuno ndipo sitinapondepo ku Malawi, chifukwa chakuti makolo athu anabadwira kumeneko. Ine nthawi imeneyo ndinali kale mphunzitsi wa pakoleji, ndipo phunziro limene ndinkaphunzitsa linali lomweli la kayendetsedwe ka boma. Ndinkajambula pabolodi chozungulira chija chimene chili m'buku lililonse la phunziroli, choonetsa kuti vuto limayamba lazindikirika, kenako akatswiri amakonza ndondomeko, akuluakulu amaivomereza, antchito a boma amaikwaniritsa, ndipo pomaliza imaunikidwa. Ophunzira ankakopera mosamala ndi mivi yake yomwe. Koma lamulo limene linali kudula mizu ya banja langa sindinaliwerenge, ndipo sindinadziwe n'komwe tsiku limene linatuluka mu Gazette, nyuzi yolengezera malamulo a boma. Ndinadzidzimuka pa chisankho cha Marichi 2002, pamene ndinaima pamzere kuyambira tambala woyamba, n'kuuzidwa dzuwa lili pamutu kuti dzina langa lachotsedwa m'kaundula. Chitupa chimene ndinapatsidwa pambuyo pake chinanditchula kuti ndine mlendo m'tauni imene munakwiriridwa mchombo wanga. Ndidakachisungabe m'kabati, pansi pa satifiketi ya digiri yanga yoyamba, ndipo ndimati ndikaziyang'ana ziwirizo ndimadzifunsa kuti chimene chinandiphunzitsa zambiri ndi chiti.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anakonza zinthu papepala. Gawo 43 limanena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 6 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo choyamba pamndandandawo ndi Chichewa chathuchi. Mawu amenewa analowamo chifukwa panali anthu amene anapita kumisonkhano, analemba madandaulo, anakangana ndi maloya, pamene ena a ife tinali kunena kuti ndife mame. Mpaka lero ku Mbare, ku Dzivarasekwa ndi ku Epworth kuli agogo amene sadziwa kuti gawo limeneli lilipo, ndipo ana awo ophunzira, monga inu ndi ine, sitinawawerengere. Choncho mawu anu akuti tisiye za boma kwa eni dziko ndikuwakana kotheratu, ndipo sindikufuna kuwamvanso kwa mphunzitsi.

Koma musafulumire kuganiza kuti ndikukutumizani kukalipira fizi mawa, chifukwa ndili ndi mlandu ndi momwe phunziroli limaphunzitsidwira, ndipo mlandu waukulu kuposa pamenepo ndili nawo ndi mawekishopu amene mwawatchulawo.

Ndinapitako kambiri, ndipo sindidzinamiza kuti ndinkapitira nzeru. M'zaka zija za 2007 ndi 2008, pamene malipiro a mwezi wathunthu sankakwana kugula buledi wa sabata imodzi, alawansi ya wekishopu ya masiku atatu ndiyo inkadyetsa ana. Ndikukumbukira ina ya pahotela ina ku Nyanga, ya mutu wonena za kusanthula ndondomeko za boma. Tinagawidwa m'magulu, gulu lililonse linapatsidwa chipepala chachikulu ndi cholembera chofiira, tinalemba mavuto kumanzere ndi njira zowathetsera kumanja, tinamata zipepalazo pakhoma, tinawomberana m'manja, kenako tinapita kukamwa tiyi. Tsiku lachiwiri m'mawa ndinalowa m'chipinda cha okonza msonkhano kukapempha cholembera china, ndipo ndinapeza masatifiketi athu ali patebulo, osindikizidwa kale, osayinidwa kale, onena kuti tamaliza bwino maphunziro amene tinali tisanafike ngakhale pakati pake. Chinthu chokha chimene ankachilondera ndi maso onse awiri chinali kaundula wa opezekapo, chifukwa ndiye ankapita kwa opereka thandizo. Sindikunena kuti wekishopu iliyonse ndi yotero, ndipo ndinakumanako ndi anthu amene akundithandizabe mpaka lero. Koma maphunziro amene sakupatsa ntchito yolemba, amene palibe wokuuza kuti apa walakwitsa, amene sungathe kuwalephera ngakhale utagona tulo masiku onse atatu, amenewo ndi phwando chabe, ndipo akuluakulu a pakoleji yanu sakulakwitsa akamayang'ana mulu wanuwo n'kuubweza.

Tsono digiri nayo ikhoza kukhala wekishopu yomweyo, yongotalikitsidwa kufika zaka ziwiri. Ndaonapo ophunzira a masitazi otha kutchula maina a akatswiri a ku America ndi ku Ulaya mmodzimmodzi, koma osadziwa kusiyana kwa Bill (lamulo limene lidakakambidwa m'Nyumba ya Malamulo), Act (lamulo lovomerezedwa kale) ndi Statutory Instrument. Pamenepa mpamene mtima umandipweteka kwambiri, chifukwa m'dziko muno zinthu zambiri zimene zimasintha moyo wa munthu usiku umodzi zimabwera ngati Statutory Instrument, lamulo laling'ono limene nduna kapena Pulezidenti amatulutsa pogwiritsa ntchito mphamvu zimene lamulo lalikulu lawapatsa. Mu Febuluwale 2019, Statutory Instrument 33 inanena kuti ndalama zimene zinalembedwa m'madola a ku America m'maakaunti athu ziziwerengedwa ngati madola a RTGS, ndalama yatsopano ya dziko lino panthawiyo, imodzi kwa imodzi. Mu Juni chaka chomwecho, Statutory Instrument 142 inathetsa kugwiritsa ntchito ndalama zakunja pogula ndi kugulitsa m'dziko muno. Ndalama zimene ndinkasungira mwana wanga wamkazi kuti akalowe yunivesite zinasungunuka pakati pa mapepala awiri amenewa. Gawo 134 la malamulo oyendetsera dziko limati lamulo lotere liyenera kusindikizidwa mu Gazette, kuperekedwa ku Nyumba ya Malamulo ndi kuunikidwa ndi komiti ya zamalamulo ya m'Nyumbayo. Wophunzira amene watsata lamulo limodzi lokha lotere, kuyambira tsiku limene linatuluka kufikira pamene mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika anayamba kulimva m'thumba, wadziwa za ndondomeko za boma kuposa amene waloweza mabuku khumi.

Ngakhale ndondomeko imene ikutilamulira ife eni ake aphunzitsi sitiiwerenga. Pamene Pulofesa Amon Murwira anali nduna ya maphunziro apamwamba, unduna unabweretsa Education 5.0, yowonjezera ntchito ziwiri pa zitatu zakale za yunivesite: pa kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu panawonjezeka kupanga zinthu zatsopano ndi kukhazikitsa mafakitale. Munthu akhoza kugwirizana nayo kapena kutsutsana nayo, ndipo ine ndili ndi mafunso anga pa zimene imachita kwa aphunzitsi a mbiri, zilankhulo ndi kayendetsedwe ka boma, amene alibe chinthu chogwirika choti akaike pashelefu. Koma pakoleji ina imene ndinkathandizako, tinaitanidwa kumsonkhano wa tsiku limodzi, tinasintha maina a maphunziro athu kuti amveke atsopano, tinasiya zam'kati zili chimodzimodzi, ndipo pa anthu onse a m'chipindamo amene anali atawerenga chikalata cha unduna anali awiri okha. Aphunzitsi a ndondomeko za boma tinalandira ndondomeko ya boma monga momwe mlimi amalandirira matalala, kungoweramitsa mutu n'kudikira kuti apite.

Nanga digiriyo?

Lembetsani, ngati mukufuna kukhalabe m'maphunziro apamwamba, chifukwa kukwezedwa pantchito m'makoleji ndi m'mayunivesite kumayendera mapepala, ndipo tsopano ngakhale masitazi yeniyeniyo ikuoneka yochepa pamene ambiri akukankhidwa kuti atenge PhD. Kumeneko palibe chokambirana. Malo ophunzirira alipo: University of Zimbabwe ili pakhomo pathu pomwepa, Zimbabwe Open University inakhazikitsidwa mu 1999 kaamba ka anthu apantchito, Africa University ku Mutare inadziwika ndi maphunziro a utsogoleri ndi ulamuliro, ndipo mayunivesite angapo amaphunzitsa mwa block release, kuti munthu azipita masabata ochepa n'kubwerera kuntchito. Antchito a boma akhala akusulidwa ku ZIPAM, sukulu ya kayendetsedwe ka boma ya ku Darwendale, monga momwe a ku Malawi ankapitira kusukulu yotere ya ku Mpemba. Komanso anthu ambiri sadziwa kuti likulu la African Capacity Building Foundation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1991 kuti lilimbikitse luso lokonza ndondomeko m'maiko a mu Africa, lili muno mu Harare momwemuno. Tikukhala pafupi ndi chitsime koma tikumwa madzi a m'chithaphwi.

Ndisanaiwale, pali mnzanga wina wa ku Highfield amene anatenga digiri ya pa intaneti kusukulu ina yakunja, analipira madola ambiri atagulitsa galimoto yake, ndipo atapita nayo kuntchito anauzidwa kuti siizindikirika. Anakhala miyezi yambiri osatuluka m'nyumba chifukwa cha manyazi. Safunsa anadya phula, achimwene. Bungwe la ZIMCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006, ndilo limavomereza maphunziro a m'mayunivesite ndi kuunika madigiri ochokera kunja, choncho mufunse kumeneko musanatulutse ngakhale dola imodzi.

Mukamasankha, musayang'ane kabuku kokongola kotsatsira malonda. Pemphani mndandanda wa zimene amaphunzitsa, muone ngati muli bajeti ya dziko, kalembedwe ka malamulo ndi kawerengedwe ka ziwerengero, chifukwa wosadziwa kuwerenga bajeti sangasanthule ndondomeko iliyonse. Funsani amene anamaliza chaka chatha kuti woyang'anira kafukufuku wawo ankawabwezera zolemba patapita nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati ankalembamo kanthu. Funsani ngati fizi imalipidwa m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama ya dziko lino, ndiponso ngati ingasinthe pakati pa chaka. Ngati mulibe dipuloma ya kaphunzitsidwe ka m'makoleji, mufufuze kaye ngati pantchito panu saifuna musanakwezedwe, chifukwa mwina ndiyo yoyenera kuyamba nayo.

Pamene mukusonkhanitsa fiziyo, yambani ndi zaulere. Bungwe la Veritas limafalitsa Bill Watch pa intaneti, yofotokoza malamulo amene ali m'Nyumba ya Malamulo, ndipo Hansard, kaundula wa zonse zolankhulidwa m'Nyumbayo, nayo imapezeka. Gawo 141 la malamulo oyendetsera dziko limalamula Nyumbayo kuti izimva maganizo a anthu, n'chifukwa chake makomiti ake amayendera madera kukachititsa misonkhano ya aliyense, makamaka bajeti isanaperekedwe chakumapeto kwa chaka. Pitani ku umodzi mwa misonkhano imeneyi, mutenge ophunzira anu asanu, mulembe masamba awiri a maganizo anu ndi kuwapereka kwa kalaliki wa komitiyo. Mukatero mundilemberenso, mundiuze amene analankhula ndi amene anangokhala chete, ndipo ngati mutu wa kafukufuku wanu udzakhala usanapezeke, ndidzakubwerekani chitupa changa chija kuti muyambire pamenepo.