Phiri la pakhoma la abwana

Mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kuno ku Johannesburg, wandilembera imelo. Akuti pabalaza pa abwana ake pali chithunzi cha penti, mapiri ovala chipale chofewa kunsonga, ndipo akamachipukuta fumbi mtima umangoti zii, mpaka kufuna kugwada. Akufunsa ngati kumeneku si kupembedza fano.

Achemwali, mwandikhudza pachilonda. Ine kwathu ndi ku Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje. Ndinakula ndikuona Sapitwa, mamita 3,002, akubisala m'chiperoni. Agogo ankati ukapeza nsima yotentha kumtunda uko, ungodya wekha osaitana mnzako, ndi ya mizimu. Tinkaopa, koma m'mawa uliwonse maso ankayambira komweko.

Kuno ndinatha zaka osadziwa chimene chinkandisowa. Johannesburg wakhala pamtunda wa mamita oposa 1,700, komabe alibe nsonga yoti munthu n'kukwezera maso. Mapiri ake ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi ya golide. Ndiye Lolemba lija, pa 10 July 2023, ndili pamzere wa takisi ku Rosettenville, tinthu toyera tinayamba kugwa ngati gaga wouluka popeta. Chipale chinali chisanagwe mumzinda uno chiyambire 2012. Kamodzi kanatera pamkono wa jekete langa lakuda, ndinakayang'ana mpaka kanasanduka dontho. Misozi inalengeza. Ndinakumbuka agogo, amene maliro awo sindinapiteko chifukwa cha mapepala.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuti chilichonse chogwedeza mtima timathamangira kuchitcha ziwanda. Ayi ndithu! Fano ndi lomwe umalipempha mvula, mwana kapena ndalama. Inu penti ija mwaipempha chiyani? Mwagwira ntchito sabata yonse m'nyumba ya eni, kutali ndi ana anu, ndiye mwapeza malo amodzi opanda phokoso, opanda wokutumani. Mtima wa munthu wotopa ukafika pamalo otero umafuna Mwini wake. Amene angakudzudzuleni pamenepo sanalawe kusungulumwa kwa ku Joni.

Tsono muchite chiyani

Pitirizani kuchiyang'ana. Yandikirani muone mithunzi ya m'chipalecho: ojambula ambiri amaikamo mtundu wobiriwira ngati thambo, kuyera kuja kumawala chifukwa cha mtunduwo. Pemphero likabwera, pempherani kwa Mulungu amene mumamudziwa kale. Ndipo muwafunse abwana ngati ndi mapiri a Drakensberg, kumalire ndi Lesotho, kumene chipale chimagwa nyengo yozizira. Mudzandiuze zimene ayankhe.