Mnyamata wa zaka 14 akudandaula msana: ndi ulesi kapena pali vuto?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 14. Patha masabata atatu akudandaula kuti m'munsi mwa msana mukumupweteka, makamaka akachokera kumpira. Chaka chino watalika kwambiri moti mathalauza ake onse akumulekeza m'miyendo. Bambo ake akuti ndi ulesi, mwana sangamve msana, akungothawa ntchito. Koma ine mtima suli m'malo. Kodi chimayambitsa n'chiyani, nanga ndimuthandize bwanji?"

Mayi, zikomo chifukwa cholemba, paja safunsa anadya phula. Ndiyambe ndi bambo a mwanayo, ndipo mukawauze mwaulemu kuti msana sufunsa zaka. Achinyamata ambiri amamva msana asanamalize n'komwe sukulu, ndipo si onse amene amakhala akuzemba tsache. Mwana wanu akudandaula akachokera kumpira, chinthu chimene amachikonda. Waulesi amadwala ntchito ikamayamba, osati akamaliza kusewera. Komanso musade nkhawa mopitirira. Nthawi zambiri msana wa wachinyamata umapweteka chifukwa cha minyewa yotopa kapena yokokeka, ndipo umapola pakangopita masabata ochepa. Ntchito yathu ndi kusiyanitsa ululu wamba wotere ndi uja wofunika dokotala.

Mathalauza mwatchulawo andiuza zambiri. Kuyambira pamene nthiti zathera kufika m'chiuno pali mafupa 5 osanjikizana, amene achipatala amawatchula kuti L1 mpaka L5. Pakati pa fupa ndi fupa pali kakhushoni kamene amati disiki, ndipo zonsezi zimagwiridwa ndi minyewa ya kumsana, ya pamimba ndi ya m'matako. Chigawo chimenechi ndicho chimasenza thupi lonse lakumtunda. Tsono mwana akafika potha msinkhu amakula mothamanga: atsikana cha m'ma zaka 11 kapena 12, anyamata cha m'ma 13 kapena 14, ndipo mnyamata akhoza kuwonjezera masentimita 8 mpaka 10 m'chaka chimodzi chokha. Mafupa amatsogola, minyewa n'kumatsalira m'mbuyo, yokungika ngati chingwe choyanikapo zovala chimene mitengo yake yatalikirana. Yovutitsitsa ndi ya kuseri kwa ntchafu, imene imachokera pafupa lomwe timakhalira mpaka kumunsi kwa bondo. Ikakungika imakoka chiuno, ndiye mwana akamawerama kapena kuthamanga, ntchito imene chiuno chikanagwira imagwera msana. Muuzeni awerame osapinda mawondo, ayese kukhudza zala zakumapazi. Anyamata ambiri a msinkhu umenewu manja amalekeza m'mawondo, nkhope itakwinyika.

Koma nkhani ya mpira ija ndiyo ndikufuna tiikhalire pansi, chifukwa pali vuto lina limene limakonda achinyamata amasewera ndipo limazemba makolo ambiri. Kumbuyo kwa fupa lililonse la msana kuli kachigawo kopyapyala kolumikiza mfundo yakumtunda ndi yakumunsi. Munthu akamapinda msana chakumbuyo, makamaka uku akupotokola thupi, kachigawo kameneka kamapanikizika. Kamodzi kapena kawiri palibe kanthu. Koma mukudziwa mmene waya amachitira mukamamupinda malo amodzi mobwerezabwereza: sathyoka ulendo woyamba, amayamba wafooka, kenako n'kuduka. Fupa la mwana amene akukula limachitanso chimodzimodzi, limachita kamng'alu kakang'ono. Achipatala amati spondylolysis, ndipo kawirikawiri zimachitika pa L5, fupa lapansi penipeni. Osewera mpira wamiyendo, oponya mpira pa kiriketi, ochita majiminasitiki ndi onyamula zitsulo ndi amene amakumana nazo kwambiri. Taganizirani mmene thupi limapindikira mwana akamamenya mpira mwamphamvu, kapena akamauponya kuchokera pamzere manja ali kumbuyo kwa mutu.

Ululu wake sumabwera ndi phokoso. Palibe tsiku limene mwana anganene kuti ndinagwa apa. Umayamba pang'onopang'ono, nthawi zambiri mbali imodzi, pamzere wa lamba wa thalauza. Akasewera umakula, akapuma masiku awiri umazilala, akabwerera m'bwalo umabweranso. Chifukwa chake anthu amautenga ngati kutopa chabe.

Ndiye yesani izi. Mwanayo aime chilili, manja agwire m'chiuno, apinde msana chakumbuyo pang'onopang'ono ngati akufuna kuyang'ana kudenga. Kenako abwerere, awerame chakutsogolo. Mufunseni kuti kukupweteka kwambiri ndi kuti, ndipo aloze malowo ndi chala chimodzi. Ngati ululu ukubaya popinda chakumbuyo, pamalo amodzi oti akhoza kuwaloza, aime kaye mpira ndipo mupite naye kuchipatala osadikira. Kuyesa kwa kunyumbaku sikutsimikizira kuti fupa lang'aluka, kumangokuuzani kuti mpofunika kuti odziwa amuone. Dziwaninso kuti ekisireyi wamba nthawi zina saonetsa kamng'alu kakadali katsopano, n'chifukwa chake dokotala akhoza kupempha MRI kapena CT, njira zina zojambulira m'kati mwa thupi zimene zimaonetsa bwino kuposa ekisireyi. Kakapezeka msanga, mankhwala ake aakulu ndi kupuma pamasewera, kawirikawiri kwa miyezi iwiri kapena itatu, pamodzi ndi mafizo olimbitsa minyewa ya pamimba ndi kumsana. Ana ambiri amabwereranso m'bwalo bwinobwino. Koma mwana akamangolimba mtima n'kumasewerabe, mng'alu ukhoza kufika mbali zonse ziwiri, fupa n'kuyamba kutsetserekera kutsogolo pamwamba pa linzake. Ndikudziwa kuti kuuza mnyamata wa zaka 14 kuti asakhudze mpira miyezi itatu kuli ngati kumulanda mpweya. Adzalira, adzakwiya, mwina adzanama kuti wachira. Pamenepo mpofunika kuti inu ndi bambo ake mukhale pamawu amodzi.

Ngati kukupweteka powerama chakutsogolo, ndipo ululu wake ndi wofalikira, woti amausonyeza ndi chikhatho chonse, kawirikawiri imakhala minyewa. Disiki yotuluka m'malo, imene akuluakulu amaiopa, sichitika kawirikawiri pa msinkhu umenewu. Ikachitika, ululu umatsikira m'mwendo mpaka kupitirira bondo, ndipo umakula akamatsokomola kapena kuyetsemula.

Zina zoyambitsa ndi zomwe mumaziona tsiku ndi tsiku. Tamuyang'anitsitsani madzulo ano ali pafoni. Amayamba atakhala bwino, pakapita mphindi 10 watsetsereka, matako ali kumapeto kwa mpando, khosi lapindika, msana wachita uta. Maola awiri akutha ali momwemo, atakhalanso kale tsiku lonse m'kalasi. Ine sindikhulupirira zoti pali kakhalidwe kamodzi kolondola koti mwana aziumirizidwa, ndipo kumukalipira kuti "khala mowongoka" kumagwira ntchito kwa mphindi imodzi basi. Chimene msana umadana nacho ndi kukhala malo amodzi nthawi yaitali. Azidzuka pakatha mphindi 30 zilizonse, ayendeyende, adziwongole.

Chikwama cha mabuku nacho chimatchulidwa kwambiri, mwina kuposa mlandu wake weniweni. Malangizo ofala ndi akuti chisapitirire 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa mwana, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 50 asasenze choposa makilogalamu 7 ndi theka. Azikoleka malamba onse awiri, ndipo chikwama chigone pamsana, osati kulendewera m'matako mmene anyamata amakondera.

Chimene makolo ambiri sachiganizira n'tulo ndi nkhawa. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Wogona mochedwa chifukwa cha foni, kapena amene mtima uli pa mayeso, kapena akuzunzidwa ndi anzake, minyewa yake imakhala yokungika ndipo thupi limamva ululu msanga. Ululuwo ndi weniweni ndithu, sakupeka. Mukamamufunsa za msana, mufunseninso mmene zinthu zikuyendera kusukulu. Fodya nayenso amayendera limodzi ndi kupweteka kwa msana, ngakhale ndikukhulupirira kuti kwanuko nkhani imeneyi kulibe.

Kwa amene muli ndi ana aakazi: ululu wa msambo umafika mpaka kumsana, chifukwa chiberekero chikamadzifinya ululu umamvekera m'chiuno monse. Muuzindikira poti umabwera ndi masiku ake n'kupita. Ndipo kwa mwana aliyense, ululu wa m'mbali, pansi pa nthiti, wobwera ndi kutentha thupi ndi kuwotcha pokodza, umaloza ku impso, osati kumafupa. Umenewo ngwofunika mankhwala a kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali zizindikiro zimene sindifuna kuti muzichitire chidodo. Ngati ululu ukumudzutsa usiku, kapena sukusintha ngakhale apume chotani. Ngati akutentha thupi, akuwonda popanda chifukwa, akutuluka thukuta usiku. Ngati unayamba atagwa kuchokera pamwamba kapena atachita ngozi, pitani naye kuchipatala. TB imagwiranso mafupa a msana, majeremusi ena nawonso amalowa m'fupa kapena mu disiki, ndipo zotupa, ngakhale sizichitikachitika, zimayamba mwakachetechete chonchi. Mwana wodwala sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, akamva msana, musayambe ndi zoyesayesa za kunyumba. Palinso nyamakazi ina ya msana imene imayamba pa unyamata, yomwe khalidwe lake ndi losemphana ndi la minyewa yotopa: mwana amadzuka m'mawa msana uli gwa kwa mphindi zoposa 30, akayamba kuyenda umamasuka, akakhala pansi umaumanso. Koma mwendo ukafooka, akamakoka phazi poyenda, akachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, kapena akayamba kulephera kukodza kapena kudziletsa mkodzo ndi chimbudzi, imeneyo ndi ngozi. Mitsempha ya kumapeto kwa msana yapanikizika, ndipo ndi nkhani ya ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

Akawerama muja, imani kumbuyo kwake atavula malaya, muone ngati mbali imodzi ya nthiti yatukuka kuposa inzake, kapena ngati phewa limodzi lakwera. Msana wokhotera kumbali, umene amati scoliosis, umaonekera nthawi yokula mothamangayi. Pawokha supweteka kwenikweni, koma ndi bwino kuti dokotala auone mwana akadakula.

Tsono ngati zoopsa zonsezi palibe, muthandizeni chonchi. Choyamba, musamugoneke. Kale anthu ankati wodwala msana agone mpaka achire, koma kugona masiku ambiri kumaumitsa msana ndi kufooketsa minyewa. Azipita kusukulu, aziyenda, azigwira ntchito zopepuka. Chimene achepetse ndi chokhacho chimene chikuutsa ululu. Muikeni botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo pamalo opwetekawo kwa mphindi 15 mpaka 20. Panado amathandiza, ibuprofen nayenso, koma ameneyu amwe atadya, kwa masiku ochepa, motsatira mlingo wolembedwa papaketi, ndipo ngati ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena mphumu, funsani kaye achipatala. Asipirini ayi: mwana wosakwana zaka 16 asapatsidwe, chifukwa akhoza kuyambitsa matenda oopsa otchedwa Reye's syndrome amene amawononga chiwindi ndi ubongo. Ndipo chonde, asamamwe mapiritsi n'cholinga choti akathe kusewera. Kutero n'kutseka pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kwabwera akuba.

Mafizo a kunyumba safuna zipangizo. Agone chagada, akokere mawondo onse pachifuwa, agwire kwa masekondi 20 kapena 30. Akadali chagada, akoleke thaulo kuphazi, akweze mwendo uli wowongoka mpaka amve kukoka kuseri kwa ntchafu, agwire masekondi 30, asinthe mwendo. Kukoka kuzimveka, koma kusafike pobaya. Kenako apinde mawondo, mapazi ali pansi, anyamule matako m'mwamba n'kutsitsa pang'onopang'ono, ka 10. Pomaliza agwade ngati akukwawa, atambasule dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo, msana uli phwatalala ngati tebulo, kenako asinthe. Mphindi 10 patsiku n'zokwanira, bola tsiku lililonse. Zotsatira zake sizioneka mawa, zimatenga masabata angapo, ndipo apa m'pamene anyamata ambiri amagwa ulesi weniweni uja bambo akunenawu. Ngati popinda chakumbuyo panapweteka, apewe zonse zopinda msana chakumbuyo, monga kugona chafufumimba n'kudzutsa chifuwa ndi manja. Pogona usiku, agone chammbali pilo ali pakati pa mawondo, kapena chagada pilo ali pansi pa mawondo.

Inu mwati patha kale masabata atatu. Ululu wa msana wa mwana ukafika masabata anayi osasintha, uyenera kuonedwa ndi dokotala ngakhale palibe chizindikiro china. Ndiye sabata ino aime mpira, muchite zomwe ndafotokozazi, ndipo muzilemba papepala tsiku ndi tsiku: wapweteka nthawi yanji, amachita chiyani, usiku wagona bwanji. Kapepala kameneko kadzathandiza dokotala kuposa mawu akuti "amangoti msana". Ngati popinda chakumbuyo pabaya, musadikire kuti sabatayo ithe. Ndipo pomuyesa paja, bambo ake akhalepo, aone okha nkhope ya mwana wawo akamapinda msana.