X-ray yokha isakunamizeni, achemwali

Achemwali, mwati mayi anu anamaliza mankhwala a TB chaka chatha koma chifuwa sichikutha, makhololo ndi tsiku ndi tsiku, X-ray sikuonetsa chachilendo, ndiye adokotala atchula bronchiectasis n'kunena kuti akajambulidwe CT scan, makina ojambula mkati mwa thupi mwatsatanetsatane kuposa X-ray. Mukufunsa ngati n'koyenera kutayirapo ndalama, komanso za mankhwala ake. Za mankhwalazo ayankhe ena. Koma za scan, chonde pitani nawo.

Ife tinavutika zaka ziwiri ndi achimwene anga. M'mawa uliwonse akangodzuka ankatsokomola mpaka misozi, makhololo obiriwira, afungo, kufika theka la kapu. Anajambulidwa X-ray katatu. Pachipatala china anangoona zipsera za TB yakale n'kuwayambitsanso mankhwala miyezi 6, pomwe makina oyezera makhololo a GeneXpert anali ataonetsa kuti TB mulibe. Anamwa onse mokhulupirika, thupi n'kumangotha, chifuwa chili chomwecho. Mpaka lero zimandiwawa.

Matenda a bronchiectasis ndi akuti timipaipi ta mpweya m'mapapo tafutukuka ndipo sitingabwererenso mwakale, ndiye makhololo amakhazikika m'menemo, majeremusi n'kupeza pokhala. X-ray imaphonya zimenezi kawirikawiri. Chimene chimatsimikiza ndi CT ya pachifuwa imene amati HRCT, ndipo onetsetsani kuti pa pepala lawo alemba mawu amenewa. Achimwene atajambulidwa CT, tsiku limene adokotala anatiitana pa kompyuta, anatiloza kabowo kakuda kozungulira, kakakulu kuposa kamtsempha ka magazi koyandikana nako, ngati mphete ya pachala. Timabowo totere tinali mbwee m'munsi mwa phapo lamanzere. Si zachilendo ayi: kafukufuku wina ku Blantyre anapeza vutoli mwa anthu oposa 4 pa 10 alionse amene anali atangomaliza mankhwala a TB.

Kujambulako sikupweteka. Amagona chagada, kukweza manja, kugwira mpweya pang'ono, basi atha. Nthawi zambiri safunika jakisoni wa contrast, mankhwala othandiza kuti chithunzi chioneke bwino, ndiye akakuwonjezerani ndalama za contrast funsani chifukwa chake. Ku Queens ndi ku Kamuzu Central kumafunika kalata ya adokotala, ndipo imbani kaye foni musanakwere basi. Ife tinapita ku private, tinalipira cha m'ma K150,000, koma kunali kwacha isanagwe mu November 2023. Panopa konzekerani zoposa pamenepo ndithu.

Musapite nawo pamene chifuwa chavuta, thupi likutentha. Chibayo chimatha kufutukula timipaipi tija kwa kanthawi, chithunzi n'kunamiza. Ayambe alandira chithandizo, papite masabata angapo, pokhapokha adokotala atanena kuti n'zachangu. Musachokenso ndi lipoti lokha la papepala. Pemphani zithunzizo pa CD, ndipo X-ray zakale zonse munyamule, chifukwa owerenga scan amafuna kufananiza. Komanso CT si yojambulitsa chaka chilichonse, mphamvu ya cheza chake ndi yochuluka kwambiri kuposa ya X-ray.

Amene mukuti angomwa ndimu ndi jinja kapena afukize bulugamu, mayiwa atsokomola chaka chathunthu, tisawachedwetse. Enanso mukuti scan ina ya MRI ndiye yabwino poti ndi yodula, ayi, pa mapapo CT ndiye imaona bwino.

Scan ikatsimikiza, pemphani kuti makhololo awayeze culture yoona mtundu wa majeremusi ali m'menemo, osati za TB zokha, ndipo akaonane ndi a physiotherapy awaphunzitse kagonedwe ndi kapumidwe kotulutsira makhololo. Achimwene chimene chinawathandiza kwambiri n'chimenechi, amachita m'mawa ndi madzulo. Ndipo mayi akadzalavula magazi, ngakhale ndi usiku, musadikire tsiku la scan, thamangirani nawo kuchipatala.